Zilumba za m'Bokosi la Denzil

Denzil sanawolokepo nyanja.
Zaka makumi atatu pa doko la Falmouth
akupala dzimbiri pa zombo za eni ake,
madzulo kubwera ndi fungo la penti m'tsitsi,
kusamba m'manja kawiri,
kenako kuvala magolovesi oyera ngati wansembe
kuti atsegule bokosi la pansi pa bedi.

Makobidi ake ankawaitana mayina ngati ana a sukulu:
Alderney, Ascension, Niue, Pitcairn,
ndi Tristan da Cunha, mwana wa pamtima.
"Morwenna, tabwera udzaone mbalame iyi."
Ine manja ali m'thovu la mbale,
ndinkangoti, "Ndaona, ndaona."
Sindinaone.

Lachiwiri lapitali ndinakwera nalo basi ya ku Truro,
mvula ikuwaza mawindo,
bokosi pamiyendo ngati mphaka wodwala.
Bambo Hendra, ogula makobidi,
anayala kansalu kobiriwira,
sikelo yosaposa bokosi la machesi, maginito,
n'kutsina kagalasi ndi diso limodzi.

Loyamba, la chombo cha matanga, linalumphira maginito.
"Ichi n'chitsulo, mayi. Golide sathamangira maginito."
Lachiwiri silinalumphe, koma sikelo inaliulula:
lalikulu thupi, lopepuka mtima,
mkuwa wovala malaya a golide
opyapyala kuposa khungu la anyezi.
Lina. Lina. Linanso.
Ankawakankhira kumanzere mwaulemu,
monga muja tisunthira nsapato za womwalira.
Mapepala aumboni aja, a zidindo ndi siginecha zopiringizika,
sanawafunyulule n'komwe.

Ndinafunsa ngati anthu a ku zilumbazo
amagulira buledi makobidi amenewa.
Anamwetulira, osati mondinyoza.
"Ambiri mwa awa sanapondeko.
Chilumba chimangobwereketsa dzina,
amasulidwa kwina, kutali ndi mafunde,
n'kubwera pa positi kwa amuna ngati anu."
Ndiye kuti nawonso sanawolokepo nyanja,
ndinatero chamumtima.
Anapezanadi.

Kumanja kunatsala anayi okha,
tinthu tochepa ngati chikhadabo cha khanda,
theka la galamu lililonse,
manaini atatu atabisala pansi pa chaka.
Amenewo ndiwo anali golide.
Amene ndinkawayesa zinyenyeswa.
Mtengo wake anaulemba kuseri kwa lisiti.
Ukwanira kukonza denga la kukhitchini,
mwina n'kutsalako ya malasha.
Ndinavomera osanenerera.

Koma dzanja langa linapita kumanzere lokha,
ku mulu wa okanidwa,
n'kutola lija la mbalame ya m'nyanja,
ya mapiko atali ngati nkhafi.
"Limenelo lilibe mtengo," anatero Bambo Hendra.
"Ndi lopaka, komanso wina analigwira ndi chala.
Chidindo cha chala chimadya nkhope ya khobidi,
sichichoka."
Ndinawapempha andigulitse kagalasi.
Anandipatsa kakale, kong'aluka m'mbali, ulere.

Usiku, pa tebulo lomwe lija,
ndinavutika kutsinzina diso loyenera.
Kenako mbalame inabwera pafupi,
nthenga iliyonse payokha,
phiri kumbuyo kwake, kautsi ka mtambo pansonga,
ndipo pa phiko lamanzere
mizere yozungulira ya chala chachikulu,
yoderako, ngati mapu a chilumba china.

Denzil sankagwira khobidi wopanda magolovesi.

Ndinakumbuka tsiku lake. Kunali chisanu,
wailesi ikunena za mphepo ya panyanja,
iye analitulutsa m'kapulasitiki kake, kundibweretsera pa sinki,
ine ndinalitsina ndi dzanja lonyowa,
"Ndaona," n'kumubwezera.
Sanakalipe. Anangoliyang'ana nthawi yaitali,
n'kulitsekera momwemo.

M'kabuku kake, pa mzere wa khobidi limeneli,
pamene ena onse analemba kulemera, chaka ndi mtengo,
pali pensulo yofufutika:
"Ili analigwira M."

Denga adzakonza Lolemba.
Kagalasi kali pawindo, pafupi ndi sopo.